Abambo Ankagula Nsalu ndi Zala

Sabata yatha tinachita Misa yokumbukira abambo, a Venansio Mwale, poti chaka chakwana chitisiyireni. Mkulu wina wa mumphakati mwawo ataimirira kuti alankhule, anati malemuwa anali munthu wofatsa, womva za anzake. Ndinayang'ana achimwene anga a Pasikale, iwo n'kuyang'ana pansi. Abambo sanali ofatsa ngakhale pang'ono. Anali ouma khosi, ouma manja, ndipo mawu akuti ndalakwa sindinawamvepo pakamwa pawo kuyambira ndili mwana mpaka pano ndayamba imvi. Ndinkawakonda, koma chaka chonsechi ndakhala ndili ndi mkwiyo, ndipo theka la mkwiyowo ndikudzikwiyira ndekha. Anapita kumanda akukhulupirira kuti ine, mwana wawo Tereza, ndinachita manyazi ndi ntchito ya manja awo. Sizinali choncho. Chifukwa chenicheni ndinawabisira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndikuchilemba pano poti mwini wake sangachimvenso.

Abambo anali telala pa Kamwendo kuyambira ife tisanabadwe. Nthawi ya chipani chimodzi ntchito sinkawasowa: mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati, masuti a akapitawo a m'maesiteti akagulitsa fodya. Munthu ankabwera ndi nsalu yake m'khwapa, n'kuyezedwa, n'kudikira masabata awiri osadandaula. Kenako kunabwera matipate, ndipo pamodzi ndi ufulu wolankhula kunabwera mabelo a kaunjika. Tsiku la msika bwalo lonse linkadzaza ndi milu ya zovala. Ndalama imene abambo ankalipiritsa posoka malaya amodzi, munthu ankagula nayo malaya atatu osokedwa kale, mabatani ali pomwepo. Makina awo anatsala ndi ntchito ya zigamba ndi mazipi basi.

Kaunjika anamuda kuchokera pansi pa mtima. Ankati ndi zovala za anthu akufa a kwa azungu, komanso kuti dziko lovala zotaya za anzake lidzaiwala kagwiridwe ka singano. Chaka choyamba ankadutsa pamiluyo nkhope atatembenuzira kumsewu. Chaka chachiwiri tinawapezerera atagwada pamulu wina, manja onse awiri ali m'kati. Titawafunsa, anati akungofuna kuona mmene azungu amasokera moipa. Tsiku lomwelo anafika kunyumba ndi chijasi chachikulu choti anthu awiri akanalowamo n'kupatsana moni.

Apo ndiye panayambira nzeru imene inatisautsa tonse. Abambo anazindikira kuti pa kaunjika chovala chachikulu kwambiri ndicho chotsika mtengo, chifukwa kuno kulibe munthu wa thupi lotero. Zovala za ana ndizo zokwera, poti belo likangotsegulidwa mayi aliyense amalimbirana zomwezo. Ndiye iwo analeka kugula zovala, n'kuyamba kugula nsalu. Ankafika pamsika dzuwa litapendeka, ogulitsa atatopa, akuda nkhawa yonyamulanso katundu, n'kusankha zimene aliyense wazikana: mathalauza a m'chiuno ngati mgolo, madiresi okwekwa pansi, malaya oti mkono umodzi ukwanira mwana wakhanda yense. Ankachitambasula chovalacho kuchokera pamphuno mpaka kunsonga ya chala, kawiri katatu, n'kudziwiratu kuti mutuluka makabudula angati ndipo chotsala chikwana kolala kapena thumba.

Wowagulitsa wawo weniweni anali Mayi Zulu, mayi wa cha ku Chipata amene anakhazikika pa Kamwendo ndi bizinesi ya mabelo. Iwo ankawasungira zimphona zonse pakona ya mulu, n'kumawaseka kuti ndi kasitomala yekhayo padziko amene amakondwa mzungu akanenepa. Koma kuseka kunkathera pamtengo. Abambo ankatha kuchoka pamulupo katatu, ulendo uliwonse akutchula chilema china cha chovalacho, mpaka Mayi Zulu ankachita kuwaponyera kuti atenge azipita asanawathamangitsire makasitomala ena. Kupita nawo kumsika kunali chilango. Ine ndinkaima patali ngati sindikuwadziwa, ndipo iwo ankandiitana dala ndi dzina langa lonse kuti ndidzagwire mwendo wina wa thalauza.

Adzukulu anali nawo asanu ndi anayi, ndipo onse anakula atavala anthu onenepa a kutsidya kwa nyanja. Chijasi china cha mizeremizere yobiriwira chinabala majekete atatu, awiri a ana a achimwene ndi limodzi la mwana wanga woyamba. Akakhala pabenchi limodzi m'tchalitchi mizere ija inkakumana bwinobwino, moti anthu anawatcha ana a jasi imodzi, ndipo wamkuluyo mpaka lero akafika pa Kamwendo amamuitana choncho. Rozina, mwana wanga wachiwiri, anali ndi siketi yochokera ku mwendo wamanzere wa thalauza lina, msuweni wake ali ndi yochokera ku mwendo wamanja. Thumba la thalauzalo linagwera kumbuyo kwa siketi ya Rozina, ndipo anzake ankamuponyeramo makoko a mtedza m'kalasi. Ndinapita kwa abambo nditapsa mtima, ndinawauza kuti ana akusekedwa. Anandiyankha osaimitsa n'komwe makina kuti kuseka sikung'amba nsalu, ndipo ndidikire Pasaka ndione kuti mwana wa ndani adzakhale akuyenda ndi zigamba. Chopweteka n'chakuti sankanama. Zovala zawo sizinkatha. Unkachita kupemphera kuti kabudula ang'ambike mwana apume, koma kabudulayo ankachoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, n'kuwolokanso kupita kwa ana a achimwene, akadali wamoyo.

Zidole nazo ankagula mwa njira yomweyo. Ankadikira kuti thumba la zidole lifike pansi, pamene patsala zolumala zokhazokha: chidole chopanda mkono, galimoto yopanda matayala, chimbalangondo cha diso limodzi. Matayala ankadula ku patapata wakutha. Diso ankaika batani la jekete. Rozina anali ndi chidole cha tsitsi lachikasu, mkono wina wofiirira wa pulasitiki, wina wa khaki wosokedwa ndi agogo ake, ndipo ankachikonda kuposa chatsopano chimene ndinamugulira ine ku Boma, chinthu chimene chinkandinyansa kwambiri. Zoseweretsa zofuna mabatire ankazigula mosaopa, poti zinali zotchipa, koma batire sanagulepo ngakhale limodzi. Ankati mwana ali ndi pakamwa, galimotoyo ailize yekha.

Ndisaname, ndalama zimene tinkapulumutsa zinali zenizeni. Amuna anga ankalima chimanga ndi mtedza cha ku Guilleme, ndipo chaka chimene mvula yaduka, ndalama ya zovala za ana anayi inali ndalama ya thumba la feteleza. Ana anga sanayendepo ausiwa. Mu Juni, kuzizira kwa ku Mchinji kukafika, ana a ena akunjenjemera panjira ya kusukulu, anga anali m'majuzi okhuthala amene abambo anagula mu Okutobala, nthawi imene palibe wofuna ngakhale kuliyang'ana juzi. Zonsezi ndinkazidziwa. Chimene chinkandipweteka n'chakuti sankalola kuti munthu uwathokoze mwakachetechete. Ankafuna uvomere pagulu kuti iwo ndi anzeru, iwe ndiwe wowononga.

Maso awo anayamba kufooka pang'onopang'ono, ndipo anatibisira mwaluso. Munthu akafika pakhomo ankadikira kuti ayambe walankhula, kenako n'kumutchula dzina ngati anamuona kalekale ali kumsewu. Ulusi wa mitundumitundu anausiya, n'kutsala ndi woyera ndi wakuda, ati enawo ndi ofooka. Ulusi ukamatha m'makina sankausolola, ankamangirira watsopano kunsonga ya wakale ndi kamfundo kakang'ono, n'kukoka pang'onopang'ono mpaka kadutse pa singano. Anagula magalasi pamulu wa kaunjika, a mayi wina wa kwa azungu, okhala ndi timaluwa m'mbali, n'kumawavala pamphumi. A Pasikale, amene ankayendetsa thiraki yodutsa pamalire, anawapempha kawiri kuti awatengere kwa madokotala a maso ku Lilongwe. Abambo anati munthu amene walowetsa ulusi pa singano zaka makumi anayi sangauzidwe za maso ake ndi dalaivala. Tinkaona kamtambo koyera m'maso mwawo, koma umboni woti tiwagwire nawo tinalibe, chifukwa ntchito yawo sinatsike.

Zala ndizo zinkawaonera. Ankatsina nsalu pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuipekesa pang'ono pafupi ndi khutu, n'kunena kuti ndi thonje, ubweya kapena nayiloni, yachapidwa kangati, ndipo idzayambira pati kutha. Khalidwe limeneli anafa nalo. Sabata yawo yomaliza m'chipatala, akulephera ngakhale kumeza madzi, anagwira mkono wa yunifolomu ya namwino amene ankawatembenuza, n'kumuuza kuti telala wake anamubera. Namwinoyo anaseka, koma ndinamuona akuuyang'anitsitsa msokowo potuluka.

Chaka chimene Rozina ankalandira Ukaristia woyamba ku Guilleme anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Asisitere anauza makolo kuti atsikana onse adzavale zoyera. Ine ndinali nditasunga kale kandalama ka mtedza kuti ndimugulire diresi la m'sitolo, kuti kamodzi kokha avale chinthu chimene sichinakhalepo pathupi la munthu wina. Kulakwa kwanga kunali kutchula zimenezi abambo akumva. Anati mdzukulu wa telala sangakalandire Ambuye atavala nayiloni, ndalamazo ndikagulire mbewu. Ndinayesa kukana, koma kukangana ndi abambo kunali ngati kukankha nyumba.

Tsiku la msika lotsatira anabwera ndi jumbo lotupa, nkhope ili ngwee. Anapeza diresi la ukwati kwa Mayi Zulu, la nsalu yolemera yonyezimira, pamtengo wa sopo muwiri. Anauza aliyense wodutsa kuti mayi uja sadziwa chimene wagulitsa. Jumbolo sanalitsegule ine ndikuona, ati ndingayambe kupereka malangizo. Anasoka masabata atatu, akubweza anthu a zigamba ndi mazipi amene anali chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Rozina anamuyeza ndi zikhato, osati ndi tepi. Mpendero anasoka pamanja. Mabatani anawakuta ndi nsalu yomweyo, limodzilimodzi.

Lachiwiri la sabata ya mwambowo ndinapita ndi Rozina kukayesa. Mwana analowa kuchipinda, n'kutuluka atavala. Linali diresi lokongola kuposa chilichonse chimene abambo anasokapo, lomukhala ngati anabadwa nalo. Koma pachifuwa penipeni, kuchokera paphewa lamanzere kutsikira m'chiuno, panali banga lalikulu lofiirira ngati la tiyi. Pansalu ya diresi la ukwati lija, pamene panali pong'ambika, abambo anapamva ndi zala n'kupalambalala. Mbali imene inali yosalala kwambiri anaisankha kuti ikhale kutsogolo, ndipo ndi imeneyo inali ndi banga. Banga silimveka m'zala.

Anagwada patsogolo pa mwanayo n'kuyamba kusalaza nsaluyo ndi chikhato, pabanga pomwepo.

"Ukuona, Tereza? M'sitolo mwako muja muli zotere?"

Rozina anandiyang'ana, pakamwa patatseguka kale. Ndinamuyang'ana ndi diso loti atseke, ndipo anatseka.

"Ndi lokongola, abambo," ndinatero.

Ndinalitenga ndikuti ndikalisite kunyumba. Ndinalichapa ndi sopo, ndi mandimu, ndi mchere, ndi mankhwala oyeretsera zovala, n'kuliyanika paudzu dzuwa lonse la Lachitatu. Bangalo linangosintha mtundu, kuchoka pa tiyi wopanda mkaka kufika pa tiyi wamkaka, ndipo linali lowoneka munthu ali kutsidya kwa msewu. Ndinapita kwa Mayi Zulu nditakonzeka kuwalalatira kuti anabera nkhalamba. Iwo anadabwa. Anati bangalo aliyense ankaliona, n'chifukwa chake diresilo linakhala miyezi iwiri osagulidwa, ndipo iwo ankayesa kuti a Mwale aliona ndipo adula molilambalala monga amachitira nthawi zonse. Atatero anandifunsa motsitsa mawu ngati abambo akuonabe. Ndinangotembenuka n'kumapita.

A Pasikale anali pakhomo sabata imeneyo, thiraki yawo ikudikira mapepala pamalire. Nditawaonetsa diresilo anagwira pakamwa n'kunena kuti khoswe wakhala pamkhate. Kuwauza abambo za bangalo kunali kuwauza kuti maso awo atha, ndipo achimwene anati zimenezo zingawaphe msanga kuposa matenda. Kumuveka mwana diresilo kunali kumuika patsogolo pa parishi yonse ndi banga pachifuwa, tsiku limene adzalikumbukire mpaka ukalamba. Nzeru yawo inali yoti ndikagule la m'sitolo mwakachetechete. Anati choyera n'choyera, abambo chimene akuona pano ndi kuyera kokha. Ndinavomera msanga, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Diresi la m'sitolo ndinkalifuna kuyambira pachiyambi, ndipo tsopano ndinali nditapeza chifukwa chooneka ngati chifundo.

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku Boma n'kugula diresi la nayiloni, la timaluwa tomata ndi guluu. Pobwera ndinamukhazika Rozina pansi n'kumuuza kuti agogo akafunsa, anene kuti wavala lomwe anasoka iwo. Mwana amene mawa lake ankapita kukalapa koyamba, mayi ake ndikumuphunzitsa bodza. Anandifunsa ngati limenelo akalilapenso. Ndinamuuza kuti asandivute.

Lamulungu abambo anafika pa kabaza, atavala suti yawo ya bulauni, n'kukhala kumapeto kwa benchi kufupi ndi kanjira ka pakati. Atsikana akulowa pamzere, manja atagwirizira pachifuwa, anandigunda ndi chigongono kuti ndiwauze akafika Rozina. Ndinawauza. Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa bambo wina amene anakhala mbali inayo, n'kumunong'oneza mokweza ndithu kuti diresi lija analisoka iwo, kuchokera ku chovala cha mtengo wa sopo muwiri. Bamboyo anayamikira. Mtima wanga unakhala pansi, ndinayesa kuti tapulumuka.

Misa itatha, anthu ali pabwalo pansi pa mitengo, abambo anaitana Rozina kuti amudalitse. Anamuika dzanja pamutu. Dzanjalo linatsikira paphewa, n'kuima. Ndinaona zala ziwiri zija zikutsina mkono wa diresi, zikupekesa. Anawerama, n'kutembenuza mpendero, n'kuyendetsa chikhadabo pamsoko kuchokera uku mpaka uku. Bambo woyamikira uja anali ataima pomwepo, akumwetulirabe.

"Msoko uwu sufika Khirisimasi," anatero abambo.

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kutembenukira kumene kunali mawu anga.

"Ukanangondiuza kuti za kaunjika zimakuchititsa manyazi pamaso pa anthu, Tereza. Sindikanavutika."

Yankho linali lalifupi, mawu asanu okha: diresi lija lili ndi banga. Anali pamlomo penipeni. Koma panali anthu, panali bambo uja, panali Rozina misozi ili m'maso. Ndinati pepani abambo, basi. Mpunga ndi nkhuku zimene ndinakonza sanalawe. Anaitanitsa kabaza n'kubwerera ku Kamwendo dzuwa likadali pamutu.

Msoko uja unamasuka mu Novembala, ndipo ndinausoka ndekha mobisa ngati ndaba. Abambo sanasokenso. Makina anawafunditsa nsalu n'kuwakankhira pakona, pamwamba n'kumaikapo dengu la nyemba. Kwa ofunsa ankati apuma chifukwa ana a masiku ano akufuna kuvala mapulasitiki. Za maso sanatchule, za diresi lija sanafunse kuti lili kuti. Ine ndikafika kudzawaona ankandilonjera kuti mayi wa m'sitolo wabwera, tiyalire mphasa yatsopano. Kangapo konse ndinanyamuka kwathu mawu nditawakonza bwinobwino, kamodzi ndinanyamula ndi diresi lomwe m'chikwama. Koma akangoyamba za mayi wa m'sitolo, magazi ankandiwira, n'kunena mumtima kuti akhale choncho. Iwonso bwanji sanandifunse? Mwana wawo amene ndinawagwirira miyendo ya mathalauza pamsika zaka zonse zija, n'kusintha tsiku limodzi, osafuna kudziwa chifukwa? Sanafunse chifukwa yankho anali nalo kale, ndipo yankho la a Venansio Mwale silinkalakwa.

Patapita zaka, maso atayereratu ndipo mtima utayamba kuwavuta, dokotala wina amene ankawapima za mtimawo anawayang'ana m'maso n'kutifunsa chifukwa chimene tinachedwera. Anati inali ng'ala wamba, yoti ikanachotsedwa m'mawa umodzi, koma pano thupi lawo silingapirire. Ine ndi a Pasikale sitinayang'anane. Zaka zonse zija tinkasowa umboni woti tiwagwire nawo, ndipo umboniwo utapezeka ndinaupinda n'kuutsekera m'sutikesi. Ndikanawaika diresi lija m'manja, n'kuitana Mayi Zulu kuti achitire umboni, akanakalipa sabata yathunthu, akanatitukwana tonse, koma mwina akanakwera thiraki ya achimwene. Mwina. Sindidziwa, ndipo kusadziwako n'kumene kumandidya.

Kumsika sanaleke kupita. Tsiku la msika ankatenga ndodo, kuwoloka msewu anthu a kabaza akuwakuwira, n'kukakhala pa kireti ya mabotolo pambali pa mulu wa Mayi Zulu. Sankagulanso kanthu. Azimayi ndiwo anayamba kuwabweretsera tizovala ta ana asanalipire, n'kuwaika m'manja. Ankatsina, kupekesa, kukoka msoko, n'kugamula: ichi tengani, ichi chikuthera pa mwana mmodzi, ichi musalipire zimene akunenazo. Mayi Zulu ankadandaula kuti akuwagwetsera mitengo, koma kiretiyo ankaiika okha m'mawa uliwonse wa msika. Ana a anthu onse a pa Kamwendo anadutsa m'zala zimenezo, kupatula anga. Rozina akabwera kudzawalonjera ankamugwira dzanja lokha, dzanja lawo osapitirira pamkono. Atasankhidwa kupita ku sekondale anawabweretsera yunifolomu yake kuti aimve ngati ili yabwino. Anapinda manja n'kumuuza kuti akafunse amayi ake, ndiwo odziwa nsalu. Mwanayo analira njira yonse yobwerera.

Titachoka ku Misa yachikumbutso ija ndinatsikira pa Kamwendo, poti linali tsiku la msika. Mayi Zulu akalamba, pano amagulitsa atakhala. Pamene pankakhala kireti sanayalepo katundu, ngakhale malo pamsika akuchita kulimbirana. Pangotsala kadothi kolimba, kosalala, pakati pa mulu wawo ndi wa mnzawo wa nsapato, ndipo anthu podutsa amapalambalala osadziwa chifukwa. Ndinaima pomwepo ndikucheza nawo.

Kunabwera mayi wina wachitsikana, wa ku Kapondo, mwana ali kumsana, kathalauza kabuluu kali m'manja. Anayang'ana pansi pamalopo, n'kufunsa kuti agogo oyesa nsalu aja ali kuti lero. Mayi Zulu anamuuza kuti anatisiya chaka chatha, n'kuloza ine kuti uyu ndi mwana wawo. Mayiyo anapepesa, n'kukhala kanthawi akukatembenuza kathalauzako. Kenako anandipatsa kuti ndimuonere ngati kalimba, poti ndalama anali nayo ya chovala chimodzi chokha.

Ndinakatsina pakati pa zala ziwiri, ndinakapekesa pafupi ndi khutu. Sindinamve kanthu, inali nsalu basi. Ndinakatambasula padzuwa, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumuuza kuti kalibe banga. Anandiyang'ana akudikira zina. Ataona kuti zathera pomwepo, anakabweza pamulu n'kumapita.